Duwa la Lipenga pa Khoma la Tursunoy Opa

9 Ogasiti, Margilan

Kutentha, mphepo olo pang'ono. Duwa la lipenga layanga khoma lonse, psuu, njuchi ndi mavu ngati pamsika. Ndasesa maluwa ogwa, nditatembenuka agwanso ena. Ndawasiya.

M'mawa kwabwera Shuhrat, mwana wa Tursunoy opa (opa kuno ndiye kuti achemwali aakulu) wa kuseri kwa khoma. Walowera pakakhomo kathu kapakati, chowerama, akusasa nyerere m'tsitsi. Kukhala pansi wakana. Akuti mphukira zatulukira pansi pa uvuni wawo, ndipo khoma lang'aluka pamwamba pa kakhomo. "Azakhali, duwa lanuli likagwetsa khoma ladothili ine ndimanga la simenti. Ndipo la simenti ndilibe nalo pulani ya khomo." Wanena akumwetulira. Mwana amene ndinkamumina mamina ndi mpango wanga!

Duwa langa, eti. Kamtengoko anabwera nako ndi mayi ake kuchokera kwa mchemwali wawo, tinabzala awiri, iwo kukumba ine kuthirira. Koma tsinde lili mbali yanga, ndiye mlandu ndi wanga.

Madzulo kwa opa monga masiku onse, nditangovala masilipasi. Chiwagwireni sitiroko salankhula, mbali yakumanja inafa. Ndawapesa tsitsi, ndawauza za mwana wawo. Andifinya dzanja mpaka mphete kundilowa m'chala.

11 Ogasiti

Kakhomo kakapita, ndatha ine. Chipata chawo chili msewu wina. Kutuluka m'kanjira kathu, kuzungulira mzikiti, kuwoloka ngalande, kenako masitepe aja. Ndi mawondo awa?

Komanso wolowera pachipata ndi mlendo. Ziyoda, mpongozi wawo, ayenera kusiya zonse, kuyala nsalu patebulo, buledi, tiyi, mphesa, maswiti, n'kuima pambali dzanja pamtima kudikira kuti unyamuke. Mlendo sabwera tsiku ndi tsiku. Wa pakakhomo sayaliridwa kanthu. Amangolowa, akapeza tsache n'kusesa.

Ndiye nkhondo. Ndatulutsa khasu la malemu bambo a Sanjar, ndakumba m'munsi mwa khoma kuyambira pa uvuni mpaka pa mpesa. Mizu yonenepa ngati zala, ukakoka imangoduka, yotsala n'kuthawira pansi pa khoma. Msana ukuyaka.

Mwana wanga Sanjar sanaimbe. Ntchito ya ku Korea, akuti, siipatsa munthu mpata.

17 Ogasiti

Paliponse pamene ndinadula muzu patuluka ana, obiriwira, onenepa, ngati ndawaitana ku ukwati. Ndimati ndikupha, kani ndikubzala. Walira mvula walira matope, Mastura iwe. Unkafuna maluwa, ndi awo.

Mankhwala ophera zomera ndafunsa mtengo, ndangoseka n'kuchokapo. Penshoni ikadali kutali. Hojar wogulitsa mbewu pamsika akuti ndisavutike: "Madzi owira ndi mchere, opa. Ine ndinapha nawo mtengo wa mabulosi, unafa osatsanzika." Ndagula mchere wamiyala. Ketulo pamoto tsiku lonse, kuthira m'maenje, kubwerera. Nthunzi kumaso, zala matuza. Khoma m'munsi lada ndi chinyezi.

Ndawaonetsa opa matuza, ndimati aseka. Sanaseke. Aloza pawindo ndi dzanja lamoyo lija, pakamwa pakugwedezeka, "Si... si..." Ndawauza kuti ndikudziwa, silinafe, koma lifa, asadandaule. Atseka maso.

25 Ogasiti

Mawu oyamba kutuluka pakamwa panga lero, dzuwa lili kale pamutu, anali otukwana duwa. Ndinadzimva ndekha mawu osasa ngati chitseko chosatsegulidwa. Nyumba zii. Wailesi ndimaitsegula kuti pakhale wina wolankhula, koma siyankha ukaifunsa.

Ziyoda wabwera ndi mphukira yaitali, waizula pa anyezi wake. Waiika patebulo langa bwinobwino ngati mphatso. "Azakhali, mwana wanu uyu anasochera kwathu, ndam'bweza." Taseka tonse. Si mwana woipa. Maso ake olowa, ana atatu, apongozi oti awatembenuze, awasambitse. Ndamupatsa tiyi, wamwa chiimire.

Atapita ndakhala ndi mphukirayo m'manja nthawi yaitali. Mchere watha thumba, duwa likungonenepa. Latsala tsinde.

3 Seputembala

Ndadula. Macheka obwereka kwa wometa wa pakona. Dzulo theka, lero theka, kupumira pakati. Tsinde ngati ntchafu ya munthu, lopotana, lotsamira khoma pambali penipeni pa kakhomo. Ndachotsa chigawo chachikulu kuti lisalumikizanenso. Silinagwe. Langolendewera pamenepo ndi maluwa ake onse ngati silinamve.

Pofika madzulo masamba akwinya. Ndimayembekezera kukondwa. Palibe.

Ndapita kukawauza opa kuti kakhomo kathu kapulumuka. Atembenuzira nkhope kukhoma. Ndakhala pabedi pawo, ndaweramira kuti ndikonze pilo, ndiye ndaona zimene amaona iwo akagona: windo, kachidutswa ka thambo, ndi pamwamba pa khoma pomwe panali maluwa. Basi. Dziko lawo lonse. Chilimwe chonse ndakhala ndikulowa m'chipinda chimenecho osagonekapo mutu wanga pomwe pali wawo.

Ndabwerera osawapesa tsitsi. Ndalira kukhitchini, mokweza, poti palibe wondimva.

20 Seputembala

Njuchi zinasiya kubwera. Masamba ouma m'ngalande, m'mphika, m'nsapato. Chinthu chakufa chili pakhoma ngati chisa cha khwangwala, ndipo opa akuchiyang'ana tsiku lonse. Sindikanatha kuchisiya.

Ndachikoka ndi chingwe. Chabwera ndi dothi lake, zigamphu zigamphu, poti timizu take tinalowa m'khoma ngati zikhadabo. Fumbi mbuu, chifuwa mpaka tsopano. Khoma latsala maliseche. Mng'alu uja dzanja langa likulowa lonse.

Shuhrat wayang'ana, waimba kamluzu. "Mwagwira ntchito, azakhali, ngati amuna atatu." Akuti adzazira ndi dothi ndi udzu akabwerako ku Tashkent ndi lole yake. Anthu a malole ndi kubwerera kwawo.

Sanjar waimba. Ndamufotokozera zonse, iye akutafuna china chake. "Amayi, mukudzipha chifukwa cha kachitseko? Ndizikutumizirani ya takisi." Waiwala kuti m'kanjira kathu ngakhale bulu wosenza katundu amalowa chammbali. Anabadwira momwemo.

19 Okutobala

Mvula kuyambira Lachiwiri. Lero masana ndikukanda ufa, khuu! Mbale kugwedezeka pashelefu.

Khoma lagwa. Pakati ponse, kuyambira pa uvuni wawo mpaka pa mpesa wanga. Mulungu ndi wamkulu, ana anali kusukulu, Ziyoda m'nyumba. Kakhomo kali pansi pa matope, kakungooneka chogwirira.

Ndaima pamvula ufa uli m'manja. Sipanafunike wondiuza. Pamene ndinakumba, pamene ndinathira madzi amchere, m'pamene ladyekera. Pamene panatsamira tsinde lija m'pamene layambira. Duwa limene ndinkati likugwetsa khoma ndilo linkaligwira, mwina zaka zambiri.

"Si... si..." Siya. Ankati siya. Ndipo ine ndi nzeru zanga n'kuwamalizira mawu.

Shuhrat akubwera mawa. Sindinadye.

23 Okutobala

Dzuwa. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndilemba: masiku okoma chonchi sindinawaone chimwalirireni bambo a Sanjar.

Khoma kulibe. Bwalo limodzi. Shuhrat wachotsa matope ndi anzake, wanyamula mayi ake ngati mwana n'kuwagoneka pa bedi lamatabwa la panja, m'zofunda. Ndikutsuka mbale kwanga ndikuwaona, iwo akundiona. Ndikawaonetsa karoti agwedeza mutu kuti ndadula monenepa. Nkhuku za Ziyoda zandithera katsabola, ana akuthamanga kudutsa pa zovala zanga, mmodzi wandiswera kapu. Aswe.

Dzulo mpunga wa nyama tinaphikira mumphika wanga waukulu, tadyera pamodzi panja, opa ndikuwadyetsa ine. Ziyoda anagona masana, koyamba chaka chino akuti. Atadzuka: "Azakhali, mukanaligwetsa kale khomali." Opa anaseka ndi theka la pakamwa mpaka kutsamwa.

Za duwa sitinakambe. Ndinangoti, munanena, opa. Anandisisita patsaya.

27 Okutobala

Njerwa za simenti zafika pa ngolo, aziunjika pomwe panali uvuni.

Ndavala diresi labwino, ndamupeza Shuhrat akuyeza ndi chingwe. Ndamupempha. Ine, kupempha mwana uja. Kakhomo kakang'ono, ngakhale kopanda chitseko, ndiika nsalu. Wayang'ana pansi. Akuti mabwalo awiri sangakhale otseguka, ana akukula, ndipo nyumba yoboola khoma ndani angadzaigule tsiku lina. Ndafunsa kuti ikugulitsidwa nyumba ya yani. Wangopinda chingwe chake. "Ndalankhula ndi Sanjar, azakhali. Wavomera, theka la njerwazi ndi lake."

Mwana wanga. Mwezi wonse foni zii, koma ya njerwa anaipeza nthawi.

Ndiye pomaliza, dzanja pamtima, mwaulemu wonse umene mayi ake anamuphunzitsa: "Chipata chathu n'chotsegula usana ndi usiku. Ndinu mlendo wathu wolemekezeka." Akanandimenya mbama ndikanapirira.

Opa anamva zonse ali pabedi lawo. Shuhrat sanayang'ane kumeneko.

29 Okutobala

Amisiri awiri, achangu ngati akuthamangitsidwa. Dzulo maziko ndi mizere yoyamba, ndinadumpha n'kukawapesa opa tsitsi. M'mawa uno ndadumphanso, mmisiri wamkulu akundigwira mkono. Pobwerera mwendo unakana, anachita kundinyamula.

Masana lafika m'chiuno. Ndaima mbali yanga ndikuwauza opa nkhani zopanda mutu, mtengo wa anyezi, mkazi wa wometa, chilichonse. Ziyoda amafuna kuwalowetsa m'nyumba, mphepo yayamba kuzizira. Akana, agwira thabwa la bedi.

Litafika pachifuwa ndakatenga mpando, ndakwerapo. Mmisiri akuti, "Opa, mukagwa apa mlandu ndi wathu, tsikani." Ndamuuza amange khoma lake, za mafupa anga azisiye. Mzere wina, bedi labisika. Mzere wina, zofunda. Itatsala nkhope yokha, akweza dzanja lamanzere m'mwamba, kuti ndiziwaonabe. Kenako nkhope yapita, latsala dzanja lokha. Munthu amene supuni imamulemera.

Njerwa yomaliza aiika patsogolo pa mphuno yanga dzanjalo lidakali m'mwamba.

Ndakuwa kuti tsitsani, opa, ndakuonani, tsitsani lingakupwetekeni. Zii. Sangayankhe. Amisiri asamba m'manja, apita. Ndaitana Ziyoda, ali m'nyumba ndi ana, sakumva. Sindikudziwa ngati alitsitsa. Ndimawadziwa opa, sasiya chinthu asanauzidwe pamaso.

Ndikulemba nditavala kale nsapato zoyendera ndi mpango. Ndodo ya bambo a Sanjar ili kuseri kwa chitseko. Dzuwa likadalipo. Pa mzikiti ndipuma, pa ngalande ndipumanso, ndiye masitepe aja. Ndanyamuka.