Mlendo wa a Bwanali

Lachitatu, ku Senga Bay.

Tsiku la lero landichititsa manyazi. Masana ndinanyamula pa kabaza mlendo wochokera ku Joni, bambo wa imvi. Anati wabwera kudzaona kwawo kwa goloboyi wotchuka amene ankasewerera timu yawo kalekale, n'kundionetsa chithunzi pafoni. Anali a Bwanali, omwe aja amasoka maukonde kuseri kwa msika wa nsomba.

Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Awo? Kuno timawatcha a Mwendoumodzi." Ndinatsanziranso mmene amatsimphinira, uku ndikuseka. Mlendoyo sanaseke. Anati mwendowo unathyoka iye akuonerera m'bwalo, a Bwanali akutchinga chigoli.

Titafika kwa a Bwanali, mlendoyo anavula chipewa n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri, misozi ikutsika. A Bwanali anati, "Mtunda wonsewu chifukwa cha ine?" Kenako anacheukira kwa ine: "Zikomo mwanawe, wandibweretsera mlendo." Anandipatsa usipa wouma m'pepala.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuwadutsa osawapatsa moni. Mkazi wanga atafunsa za usipawo, ndangoti ndagula. Mawa ndidutsanso njira yomweyo, kaya ndikayambira pati...