Aitana Mlamu Wanu, Ine Ayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Musamalimbane ndi masitepe a kuntchito kwanu ngati mudakali mtsikana.

Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mayi chifuwa chija chinatha, angotsala ndi kudandaula kuti simuimba. Ana akukula. Wamkuluyu nsapato zanga zayamba kumukwana, moti ndikazisiya pakhomo ndimazipeza zitapita kokayenda.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu. Komanso nyumba yathuyi mukuidziwa, ukatsokomola kuchipinda, wa kukhitchini amakuuza kuti pepa.

Mukudziwa kuti chitsekereni kampani ya zipangizo zomangira ija, ine ndili pakhomo. Sindinangokhala manja lende. Ndalemba makalata ofunsira ntchito mpaka alonda a m'maofesi andizolowera nkhope. Wina akangondiona ndi envulopu yakhaki amangoloza bokosi ndi mlomo, osadzuka n'komwe pampando. Yankho palibe, ngakhale lokana.

CV yanga ndinailemba ndekha, ndipo ndinkainyadira. Inali yonenepa, Achemwali, yoti ukaiponya pa tebulo imamveka.

Pamsewu wopita kumsika pali kashopu kosindikiza mapepala ndi kuchita fotokope. Mwini wake anthu amangomutchula kuti Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, iye tayi ali pakhosi. Akuti kale ankagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito. Kumeneko n'kumene ndimasindikiza makalata anga.

Tsiku lina ndinapitako ndi mlamu wanu, mayi a anawa. Iye ankapita kukagula ulusi ndi mabatani, atanyamula mtolo wa mayunifolomu a sukulu amene amasoka ndi anzake aja. Tikudikira makina, Tayi anatenga malaya amodzi, n'kuwatembenuza, n'kuyang'ana msoko. Anafunsa kuti wasoka ndani.

Apo mafunso anayamba. Mulipo angati? Amadula nsalu ndani? Amaona ndani ngati ntchito yatuluka bwino? Nanga makina akafa pakati pa oda mumatani? Mlamu wanu ankayankha akuyang'ana pansi, ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Atamaliza, Tayi anati, "Mayi, inutu ndinu kapitawo, kungoti palibe anakuuzani." Kenako ananena kuti fakitale ina yosoka zovala kumzinda kwanuko ikufuna kapitawo wa osoka, ndipo ayese mwayi.

Ine ndinaseka, Achemwali, mano onse pamtunda. Ndinati awa mu CV mudzalembamo chiyani, singano? Tayi anangomwetulira. Mlamu wanu sanaseke.

M'mawa mwake anabwererako yekha. Tsiku linalo anapitanso, akuti akapereke mayina a masukulu amene amawasokera. Kenako anayenda kwa aphunzitsi aakulu kukapempha makalata omuchitira umboni, n'kupita nawonso kwa Tayi. Ndinaona kuti popita kumeneko akumavala diresi ya buluu ija, imene amaisunga kuti ndi ya maulendo.

M'nyumba muno munalowa nyimbo yatsopano. A Tayi akuti CV isamadutse masamba awiri. A Tayi akuti kalata iliyonse uzilemba molingana ndi ntchito yake, osati imodzimodzi kumwaza paliponse ngati mbewu. A Tayi akuti nambala ya foni izikhala pamwamba. Mpaka wamng'onoyu tsiku lina anakana kusamba, akuti a Tayi sananene.

Onse anaseka. Ine ayi.

Ndisakubisireni, tsiku lina ndinamutsatira mlamu wanu. Ndinakakhala pa benchi ya ometa tsitsi kutsidya kwa msewu, pomwe tsitsi lenilenilo ndinali nditameta dzana lake. Kudzera pa windo ndinkawaona atakhala pa kompyuta, iye akuloza pagalasi, Tayi akulemba. Kenaka mlamu wanu anaseka mpaka kugwira pamimba.

Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chitsekereni kampani. Wometa uja anandifunsa ngati ndikufuna achotse ndevu. Ndinavomera, kuti ndipeze chifukwa chokhalira.

CV yake itatuluka, mlamu wanu anandipatsa yekha m'manja, nkhope ikuwala. Timasamba tiwiri basi. Munalembedwa kuti amatsogolera gulu la osoka, amaphunzitsa atsopano, amagawa ntchito kuti oda isachedwe, amakonza yekha makina akavuta, ndipo palibe sukulu inabwezapo katundu wake.

Ndinafufuza bodza, sindinalipeze. Zonsezo zimachitika pakhonde panga, ine ndikudutsa n'kumati ndi zosokasoka za azimayi. Munthu ndabereka naye ana, koma wondisonyeza kuti ndi ndani akhale mwamuna wa tayi?

Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati pepala lake ndi lopyapyala. Anangoitenga n'kuibwezera mu envulopu.

Nsanje yangayi ili ndi mitu iwiri, Achemwali. Mutu wina ukuyang'ana Tayi. Winawo, umene ndikuchita nawo manyazi, ukuyang'ana mkazi wanga yemwe.

Sabata yatha foni inalira pa tebulo. Mafoni athu amalira mofanana, ndiye ndinadumpha mpaka kugwetsa kapu, poganiza kuti mwina ofesi ina yandikumbukira. Inali ya mlamu wanu. Anaimirira chilili ngati akumuona, n'kumayankha mwaulemu. Atatsitsa foni anakuwa kuti amuitana ku intavyu.

Iye kalata imodzi yokha, amuitana. Ine amene nsapato zatha zidendene, zii.

Ndinayesa kumwetulira koma masaya anakana. Ndiye tamvani izi. Asanauze Mayi, asanauze anzake osoka nawo, anaimbira Tayi. Ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Zatheka, Mulungu akudalitseni." Ine ndili pomwepo, ndikupukuta tiyi pansi.

M'mawa mwake ndinavala n'kulunjika kushopu kuja, mawu nditawanola. Ndinkafuna kumufunsa kuti kodi akazi a eni ake onse amawathandiza ndi mtima wotere, kapena ndi wanga yekha.

Nditalowa ndinapeza mayi wina ali pa kauntala, akumanga mapepala, mwana ali kumsana. Anandilonjera mwansangala, akuti kodi si inu amuna a mayi osoka aja? Anati iye ndi mkazi wa Tayi, ndipo masiku onse aja ankakhala nawo momwemo, kuseri kwa makina a fotokope. Anati kalata yofunsira ntchito ija anathandiza kukonza ndi iye, ndipo ndikawayamikire kwambiri mayiwo.

Pa windo paja, kona imeneyo sioneka.

Tayi anatulukira n'kufunsa ngati ndabwera ndi CV. Envulopu inali m'khwapa, poti ndinazolowera kuyenda nayo ngati chiwalo. Ndinangoipereka.

Anatenga cholembera chofiira. Anadula zoti ndinali monitala ku pulayimale. Anadula zoti ndimakonda mpira ndi kumvera wailesi. Anadula ndime yonse imene ndinalemba kuti ndine wolimbikira, wokhulupirika ndi woopa Mulungu, akuti aliyense amalemba zomwezo, ndi akuba omwe.

Kenako anandifunsa kuti kukampani kuja ndinachitako chiyani chimene chinasintha zinthu. Ndinati ndinkangosunga katundu. Anati ndiganize bwino.

Ndinakumbukira mmene ndinasanjira nyumba yosungira katundu ija mwatsopano, moti malole amene ankagona pamzere anayamba kunyamuka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinakumbukiranso mmene ndinaletsera simenti kuwonongeka ndi chinyezi. Anaponya cholembera pa tebulo n'kufunsa kuti nanga zimenezi zili kuti m'chibuku changachi.

Ndinatuluka ndi timasamba tiwiri, ngati mkazi wanga. Ndi CV yabwino, sindikana. Koma musaganize kuti mtima unatsika. Munthu ukamukonzera ndewu n'kukapeza kuti ndi wabwino, umabwerako ndi katundu wolemera kuposa amene unapita naye.

Katunduyo ndinakatula kunyumba. Mlamu wanu ankadula nsalu, n'kundifunsa ngati ndikudziwa basi yabwino yopita kwanuko. Ndinayankha kuti afunse a Tayi, kapenanso apite nawo limodzi, poti ndi amene akudziwa zonse.

Anaika sizasi pansi pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anati, "Bambo a ana, a Tayi anandifunsa zimene ndimachita. Inu mumandifunsa ngati madzi osamba atentha."

Tinatha masiku tikulankhulana kudzera mwa ana. Kawauze amayi ako. Kawafunse abambo ako.

Dzulo masana, ana atapita kosewera, mlamu wanu anachotsa nsalu pa tebulo lodulira lija, n'kuika mpando mbali iyi, wina mbali iyo. Anati alibe woyeserera naye, ndiye ndikhale bwana wa fakitale, ndimufunse mafunso. Anatuluka, n'kugogoda pachitseko cha nyumba yake yomwe. Ndinati lowani.

Ndinakhala ngati bwana weniweni, mwendo pa unzake. Ndikuuzeni zoona, ndinkafuna apunthwe. Ndinafunsa kuti satifiketi yapamwamba alibe, ndiye tiwalembe chifukwa chiyani? Anayankha kuti msoko wokhota amauona ali pakhomo, ndipo amadziwa kuuza munthu kuti aphwasule msokowo popanda kumuliza. Ndinafunsa kuti wosoka wamwamuna akakana kumumvera adzatani. Anati adzakhala pa makina ake n'kusoka iye akuona, kenako akambirane.

Funso lililonse ankalibweza bwinobwino. Ndikanakhala bwana weniweni, ndikanamulemba pomwepo. Izi zinandiwawa ndi kundinyaditsa nthawi imodzi, moti ndinasowa pokanda.

Ndiye ndinaponya funso limene silinali la bwana. Ndinati, "Nanga amuna anu, akulolani kukagwira ntchito kutali?"

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anati, "Amuna anga mtima ukuwapweteka, bwana. Wotuluka m'mawa pakhomo pathu anali iwo, ndiye akuona ngati ndawalanda njira. Koma si munthu woipa. Sanandigonekepo ndi njala, ndipo makina anga oyamba anachita kusenza okha pamutu kuchokera kusitolo. Okandikweza basi adzakhala iwowo."

Anafunsa ngati pali funso lina. Ndinati palibe, mukhoza kupita. Koma amene anatuluka ndi bwanayo, kupita kukayang'ana mpanda umene sunathyoke.

Tsono Achemwali, pempho langa ndi ili. Mlamu wanu afika kumeneko Lachitatu, intavyu ndi Lachinayi m'mawa. Chonde mukamuchingamire kudepoti, mzinda wanuwo sauzolowera. Agone kwanu. Mumubwereke jekete yanu yakuda ija, ndipo ngati mungathe mukamusiye pageti penipeni pa fakitale, chifukwa akasochera sangafunse, ndi wamanyazi.

Ndinali ndi pempho lina, loti muzitchera khutu kuti akuimbirana ndi ndani. Limenelo lisiyeni. Ngakhale mumve akuti a Tayi, musandiuze. Ndikakufunsani mundikalipire ngati kale.

Nsanjeyi sinathe, ndisakunamizeni. Ndikaganiza kuti mwina azidzuka kumeneko, kuvala bwino, anthu n'kumamutchula kuti kapitawo, ine ndili kuno ndikuchapa mayunifolomu a ana, pamtima pamatentha. Ndikaganizanso kuti mwina amukana, pamatenthanso. Sindikudziwa kuti ndipempherere chiyani, ndiye ndikungoti Mulungu amve pemphero la iyeyo, langali alisiye kaye.

Chomaliza ndi ichi, ndipo chikhale cha awirife. Akamulemba ntchito, mundiimbire inu choyamba, mwakachetechete, iye asanagwire foni. Mundipatse kanthawi koti ndipite kuseri kwa nyumba ndikameze zimene zili pakhosizi. Ndikufuna pamene aziimba, apeze mwamuna wake ali ndi mawu achimwemwe okonzeka. Ulendo uno asaone masaya okana.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti akamva za ntchito yosunga katundu kulikonse andikumbukire, CV tsopano ndi yopepuka. Ana muwapsompsone m'malo mwa amalume awo. Mayi akupereka moni, akuti muimbe.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo bondolo alichiritse.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa Mayi