Miyendo Yoti Mayi Thinanani Alowe M'chithunzi

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LOKWERA MAPIRI LOWERUKA

Tsiku: Lachitatu, pa 6 Meyi

Malo: Chipinda chakumbuyo kwa shopu ya a Telala, pakati pa makina osokera ndi galasi loyesera zovala

Opezekapo: Wapampando, Mlembi, a Telala, omwenso ndi Msungichuma, a Namwino, a Makaniko, Mayi Thinanani, wojambula wa gulu.

Osapezekapo: a Dalaivala, omwe anapepesa kuti ali pa ulendo, Wachiwiri kwa Wapampando, omwe sanapepese, monga mwa chizolowezi chawo.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano 4 koloko madzulo itapitirira pang'ono, a Telala atamaliza kupinda buluku la kasitomala yemwe anali ataima pakhomo. Anapempha kuti makina osokera apume kaye mpaka zokambirana zithe. Mipando inaperewera, choncho a Makaniko anakhala pa mtolo wa nsalu.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga zolembedwazo. A Makaniko anapempha kuti mawu akuti "a Makaniko anagona pa mfundo yachinayi" afufutidwe, ponena kuti iwo anangotseka maso kuti aganize bwino. A Namwino, omwe ndi mlamu wawo, anachitira umboni kuti kuganizako kunali ndi mkonono. Zolembedwazo zinavomerezedwa osasintha kanthu.

3. Nkhani ya chithunzi cha gulu

Wapampando anakumbutsa komiti kuti ulendo wa kumapeto kwa mwezi uno ndi womaliza kwa Mayi Thinanani, popeza mwezi wamawa akusamuka kukakhala ndi mwana wawo wamkazi kutali. Kwa amene adzawerenge izi mtsogolo: mayiwa akhala akujambula gululi chiyambireni, ndipo dzinali analipeza chifukwa cha mawu omwe amatikalipira nawo tikafika pamwamba pa phiri, iwo ali kuseri kwa kamera.

A Namwino anafotokoza kuti sabata yatha anapita kukawathandiza kulongedza katundu. Mdzukulu wa mayiwa anatsegula mabuku onse a zithunzi za gulu, tsamba ndi tsamba, kenako n'kufunsa kuti, "Agogo, kumapiriko inu mumapitadi? Nanga muli pati?" A Namwino anati iwo anaseka, koma agogo akewo sanaseke. Atabwerera kunyumba anafufuza m'foni mwawo ndi mwa anzathu ena. Pomwe Mayi Thinanani anapezeka, ankaoneka kumsana kokha, kapena nkhope itabisika kuseri kwa kamera.

Mayi Thinanani anapempha kuti nkhaniyi isakulitsidwe. Anati wojambula ntchito yake n'kujambula ena, ndipo malemu amuna awo, omwe anali ndi situdiyo yojambulira zithunzi, nawonso anasiya chithunzi chimodzi chokha, cha pachiphaso. Mlembi anaona kuti mawuwo anawapweteka eni ake powatchula, ndipo nayenso anamva chisoni.

Wapampando anafunsa chomwe chimaletsa munthu wina kugwirako kamera. Mayi Thinanani anayankha kuti zimenezo anayesapo kale, n'kuyang'ana a Makaniko. Komiti inakumbukira chithunzi chija chomwe tonse tinatuluka opanda mitu, nsapato zokha zikuoneka bwino kwambiri. A Makaniko anati tsiku limenelo dzuwa linawathobwa m'maso. Chichokereni pamenepo palibe amene amaloledwa kukhudza kamerayo, ngakhale kungowanyamulira.

A Telala anakumbutsa za choimikira kamera cha miyendo itatu chomwe malemu anasiya, chija timachitcha Chimphona. N'chachitsulo chokhachokha. Chinapita nafe kamodzi, n'kukathera pansi pa mtengo m'munsi mwa phiri, amuna onse atayamba mwadzidzidzi kudandaula msana.

Chigamulo: gulu ligule choimikira chopepuka, chotha kulowa m'chikwama, kuti kamera izijambula yokha ndipo Mayi Thinanani alowe m'chithunzi cha ulendo womalizawu.

4. Kuyesa zoimikira

A Telala anadziwitsa komiti kuti anachidziwiratu chigamulochi. Kasitomala wawo wina, yemwe amagulitsa zipangizo zojambulira, anawabwereka zoimikira zitatu kuti tiyese, zikabwerere Lachisanu zopanda chokanda. Anazitulutsa pansi pa tebulo lodulira nsalu.

Choyamba chinali chaching'ono cholowa m'thumba la jekete, ndipo a Namwino anachipatsa dzina loti Udzudzu. Wapampando anachikonda pomwepo. Anati pa msinkhu wathu uno chinthu chabwino n'chomwe umaiwala kuti wanyamula. Chitatambasulidwa chonse chinalekezera m'mawondo, moti kamera inkationera pansi, mphuno ndi zibwano zokhazokha. Wapampando anati kuphiri tikhoza kuchiika pamwala. Mayi Thinanani anayankha kuti mwala wa kuphiri umakhala pomwe wafuna wokha, osati pomwe wojambula akuufuna. A Telala anayatsa fani kuti ikhale ngati mphepo ya pamwamba, ndipo Udzudzu unayamba kunjenjemera. Mayi Thinanani, omwe anali atakulunga lamba wa kamera kudzanja, anaichotsapo osadikira chigamulo cha komiti.

Chachitatu chinayesedwa chachiwiri chisanayesedwe, chifukwa a Makaniko anali atachitambasula kale popanda chilolezo cha Wapampando. Chinali chachitali, cha miyendo yonenepa. A Makaniko anachigwedeza, n'kuchimenya ndi chikhatho, n'kunena kuti ichi ndiye chitsulo, zinazo n'zidole. Chitapindidwa chinakana kulowa m'chikwama cha Mayi Thinanani. Chitamangiriridwa kunja chinatulukira pamwamba pa mutu wawo, ndipo anati chizikakola nthambi njira yonse. A Namwino anachinyamula ndi dzanja limodzi n'kunena kuti chikulemera ngati khanda lobadwa bwino. A Makaniko analonjeza kuti adzanyamula okha. A Namwino anati, "Alamu, Chimphona chija munalonjezanso chonchi. Tinakupezani mutakhala pansi pa mtengo mukudya nthochi zanga." A Makaniko anapempha kuti mawuwa asalembedwe. Mlembi wawalemba.

Chachiwiri chitapindidwa chinali ngati ambulera yaing'ono, ndipo chinalowa m'kathumba kam'mbali mwa chikwama momwe mumakhala botolo la madzi. Chitatambasulidwa chinafika pachifuwa pa Mayi Thinanani. Anthu anachipezera zifukwa ziwiri. Wapampando anati mwendo uliwonse uli ndi tomangira tambiri, moti pofika pomaliza kutambasula, mitambo idzakhala itaphimba phiri. A Makaniko anati kumunsi miyendo yake n'njowonda ngati waya wa mateyala a njinga. Mayi Thinanani anapachika chikwama chawo pa kambedza komwe kali pansi pa mutu wa choimikiracho, n'kuuza a Telala kuti akweze fani mpaka pomaliza. Mapepala a Mlembi anauluka n'kukagwera kuseri kwa makina, koma kamera sinagwedezeke.

5. Kuyesa kujambula

Wapampando analamula kuti tisavote tisanaone chithunzi chenicheni. Kamera inaikidwa pa choimikira chachiwiri, ndipo tonse tinaima kutsogolo kwa galasi, a Telala ataliphimba ndi nsalu yobiriwira. Mayi Thinanani anafotokoza kuti akadina batani, kamera idikira masekondi khumi, kanyali kofiira kakuphethira, kenako ijambula yokha.

Anasuzumira m'kamera, n'kukuwa kuti, "Thinanani! A Makaniko, chotsani chisoti. Amlembi, cholemberacho pansi." Tinathinana. Anadina batani, n'kuima pomwepo kuseri kwa kamera, dzanja lili m'mwamba, akutiwerengera monga amachitira nthawi zonse. Ifenso tinamwetulira monga timachitira nthawi zonse. Kamera inajambula. Tinaunjikana kuti tione, tikuyamikira kuti chatuluka bwino, mpaka a Telala anafunsa kuti, "Koma amayi, inuyo muli pati?" Komiti inaseka kwa nthawi yaitali. Mayi Thinanani anaseka mpaka misozi, ndipo Mlembi sangatsimikize kuti misozi yonseyo inali ya kuseka.

Kachiwiri anadina n'kunyamuka. Bondo lawo lakumanzere, lomwe a Namwino akhala akulilankhulira kwa nthawi yaitali, linakana kufulumira. M'chithunzimo munalowa phewa ndi khutu limodzi. Wapampando anati tisendeze kamera pafupi. Mayiwa anati ikayandikira ndiye kuti phiri silikwanamo, komanso kumeneko pakati pa kamera ndi anthu pamakhala miyala ndi udzu, osati simenti ngati muno. Kenako anati, "Mwaona? Ndinakuuzani ine. Kabwezeni zinthuzi kusitolo, musavutike nane." Anayamba kumasula kamera pa choimikiracho.

A Makaniko anaimirira pa mtolo wa nsalu paja n'kupempha kulankhula, chinthu chomwe sanachitepo m'mbiri ya komiti ino, popeza iwo amangolankhula. Anati, "Amayi, tsiku lija ndinadula mitu chifukwa kamera inali m'manja mwanga. Apa ikhala pamiyendo. Inu muiloze komwe mukufuna, mumange zolimba, mupite mukaime mwa phee. Ine changa n'chala chimodzi basi, kenako ndithamanga."

Mayi Thinanani anawayang'ana kwa kanthawi, n'kuwauza kuti aonetse manja. Manjawo anali akuda ndi mafuta a galimoto. Anawatumiza kumpopi ndi sopo wa a Telala, ndipo atabwerako a Namwino anawayendera zikhadabo n'kuwabwezanso. Podikirapo mayiwa anamanga kachitsulo ka pamutu pa choimikiracho. A Makaniko atabwera, anawalamula kuti adine mwamphamvu ngati akuliza hutala, iwo akusuzumira m'kamera. Mayiwa ananena kuti kamera sinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo anati pa zoimikira zitatuzo n'chokhachi chomwe angasiyire munthu wa manja olemera chotere.

Atatero anayenda pang'onopang'ono kudzaima m'mbali mwenimweni, kumapeto kwa mzere. Wapampando ndi a Namwino anawagwira manja n'kuwaika pakati. A Makaniko anadina, n'kuthamanga, n'kupunthwa pa chopondera makina, koma anafika kanyali kakuphethirabe. Mayi Thinanani anakuwa kuti, "Thinanani!" Aka kanali koyamba kuti mawuwa tiwamve akuchokera pakati pathu, ndipo a Telala akuti khutu likulirabe.

Chithunzicho chinatuluka ndi mitu yonse. Mayi Thinanani anachiyang'anitsitsa, kenako anati, "Ndiye ndachita imvi chonchi, inu osandiuza?" Anapempha kuti chitsukidwe kawiri, china chipite kwa mdzukulu uja. Wapampando anati bwanji tidikire cha kuphiri, popeza ichi kumbuyo kukuoneka nsalu ndi fani. Mayiwa anati cha kuphiri chidzabwera, koma mwanayo anafunsa funso ndipo ayankhidwe sabata ino.

Chigamulo: gulu ligule choimikira chachiwiri. Onse anavomereza. A Makaniko anavoteranso chachitatu ndi dzanja linalo, koma voti imeneyo sinawerengedwe. Msungichuma anatsimikiza kuti thumba la gulu likwanitsa.

6. Zina ndi zina

Mayi Thinanani anapereka Chimphona kwa a Telala kuti azikolekapo madiresi a ukwati. A Telala anathokoza n'kufunsa kuti adzachinyamule ndani kuchokera kunyumbako. Amuna onse anayang'ana pansi.

Mayiwa anati kamera apita nayo, koma choimikira chitsale ndi gulu, popeza chili ndi kopanira foni. Analonjeza kuphunzitsa a Makaniko kuloza bwino asanasamuke, ngati sopo alipo. Anawonjeza kuti mwana wawo wavomera kuti azibwera kamodzi pachaka kudzakwera nafe, ndipo malo awo apakati aja asapatsidwe munthu wina. Komiti inavomereza mosangalala.

A Namwino anapempha kuti pa ulendowu gulu lidutse njira yayitali yosatsetsereka, chifukwa cha bondo lija. Mayi Thinanani anakana. Koma mayiwa anagonja pa voti.

7. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Lachitatu, pa 3 Juni, pamalo omwewa. A Telala alonjeza mpando wina.

8. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano 6 koloko isanakwane, kasitomala wina atayamba kugogoda kufuna siketi yake.

Wasayina: Wapampando

Wasayina: Mlembi

Chomatidwa pa zolembedwazi: chithunzi chimodzi. Kuchokera kumanzere: Mlembi, a Telala, Wapampando, Mayi Thinanani, a Namwino, ndi a Makaniko, omwe akuoneka akupuma wefuwefu. Wojambula: palibe. Tonse tili momwemo.