Wa buluu uja

Lachitatu, Bradford. Kwazizira, tsiku lopanda nkhani.

Mwana wanga Tadala wabwera ndi homuweki ya mabuku akalekale a Angerezi. Akuti nthawi imeneyo wolemba akafuna kuulula mtima wa mkazi ankangomuveka: zofiira ndiye wamatama, zotuwa ndiye wopemphera. Ndamuuza kuti azimayi a kutchalitchi kwathu amawerenga anthu choncho mpaka lero, popanda buku.

Waseka, kenako wafunsa m'Chingerezi chake: "Nanga inuyo mami, akanakuvekani chiyani?"

Ndadziyang'ana. Ndinali ndisanavule yunifolomu. Agogo amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, sadziwa dzina langa. Akandifuna amangoti, "Muitaneni wa buluu uja." Ovala buluu tilipo ambiri, ndipo aliyense amene wabwera, iwo amakhutira.

Chitenje changa cha maluwa achikasu chikadali m'sutikesi. Mwina Lamulungu…