Galimoto Yoyenda ndi Mawu a Alfonsi

Kapata, Chipata
25 Julayi 2021

Okondedwa alongo anga a Limbani,

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere kumeneko ku Kitwe. Munamva kuti amayi anaoneka pafupi ndi msika wa Kapata akutsatira galimoto ya kampeni wapansi, opanda nsapato, ndipo mukuopa kuti mutu wawo wasokonekera. Khazikani mtima pansi. Amayi ali bwino, akudya, ndipo akundidzudzulabe ndikachulutsa mchere m'ndiwo. Nsapato anali nazo, koma zinali m'manja chifukwa zinkawachedwetsa. Pa foni nkhaniyi sindingaifotokoze, poti inu mumafunsa funso lachiwiri ndisanayankhe loyamba. Choncho ndati ndilembe, mundimvere mpaka kumapeto.

Lamulo la masankho ndi limodzi kuno ndi kwanuko, komabe mundilole ndiyambire pamenepo, uphunzitsi sutha ngakhale munthu atapuma ntchito. Kale ife tinkasankha khansala wa dera lathu basi. Makhansalawo ankatsekerana m'chipinda, potuluka n'kutiuza kuti meya ndi uje. Wofuna umeya ankangonyengerera anthu okwana patebulo limodzi, ndipo fumbi la ku Kapata silinkamufika m'maso. Chisinthireni lamulo, meya timasankha tokha, ndiye woufuna ayenera kutipeza kumene tili. Chaka chino misonkhano ikuluikulu anailetsa chifukwa cha mliri wavutawu, choncho aliyense wamangirira masipika pamwamba pa galimoto, n'kumazungulira m'makomboni.

Mng'ono wathu Alfonsi ankaikonda kwambiri nkhani imeneyi. Ankati munthu amene wamuona nkhope ukhoza kumufunsa za ngalande. Mukukumbukira mawu ake powerenga zolengeza kutchalitchi, momwe ankamvekera mpaka kunja kumitengo. N'chifukwa chake a Bonifasi, aja a sitolo ya zipangizo zomangira, amene aima paokha pa mpando wa umeya, anamupempha m'mwezi wa Meyi kuti awajambulire uthenga wa pagalimoto. Anajambula akuseka. Mu Juni anadwala, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa.

Inu simunathe kubwera, ndipo palibe amene akukuimbani mlandu. Koma mwina simudziwa bwino momwe maliro aja anayendera. Kuchipatala sanalole munthu kukamuona. Sitinagone pamaliro, sitinaone nkhope. Bokosi linachoka kuchipatala n'kulunjika kumanda ku Chiparamba, ife titaimirira patalipatali ngati anthu odana. Pobwerera amayi anangoti, “Ndaika bokosi, koma mwana wanga sindinamuike.”

Patapita masiku, m'mawa wina tili pakhonde tikusenda mtedza, tinamva mawu chapatali, cha kumunsi kwa msewu. Poyamba ankamveka pawiri, chifukwa phiri la Kanjala limabweza chilichonse chimene masipika alankhula. Kenako anayandikira n'kukhala amodzi. Anali Alfonsi, alongo anga, akufotokoza mofatsa kuti pepala la meya ndi lapadera, tisalisokoneze ndi la khansala. Lichero linagwa m'manja mwa amayi. Galimoto inadutsa pang'onopang'ono, yoyera, yofumbira, mkati muli woyendetsa yekha, ndipo mawu aja anapita nachepa mpaka anatha. Nkhuku zinadya mtedza uja ife tikuyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo inkadutsa m'mawa uliwonse, ndipo komboni yonse inayamba kulankhula. A Hellen, oyandikana nafe nyumba, anandiimitsa pampopi nati, “Aphunzitsi, si izi munkaombera m'manja? Kale meya sankadziwa n'komwe njira ya ku Kapata, koma akufa athu ankagona.” Kumphakati, kumene akhristu a m'dera lathu timakumana, nako kunali mtsutso. A Ezekiel, amene amadziwa zonse za boma ngakhale sanagwireko ntchito kumeneko, anati bola zibwerere zakale, chifukwa meya wosankhidwa ndi mzinda wonse amavala mkanjo wolemera koma sangalamule khansala ndi mmodzi yemwe. Mayi wina anawayankha kuti, “Inu a Ezekiel, m'chipinda muja anakuitaniraniko liti? Ife bola uyu wotipempha, ngakhale atinamize, akutinamiza tikumuona.” Anthu anaseka, koma atanditembenukira kuseka kunatha.

Kumudzi nkhani inafika kale. Amalume a Sankhani anabwera panjinga, nakhala pansi osalandira ngakhale madzi. Anati, “Malaya ake tinagawa. Makasu tinagawa, njinga tinagawa, kuti pasatsale chomubweza. Nanga mawu awa atenga ndani? Munthu tinamugoneka, inu mukumuyendetsa masana m'misewu ngati wogulitsa makala.” Sindinawatsutse, chifukwa mwambo umenewo uli ndi nzeru zake: katundu wa malemu amamwazidwa msanga kuti otsala asamangokumana naye pakhomo. Madzulo ake ndi pamene inu munaimba, mutamva kwa iwo, n'kundiuza kuti ndikachotsetse mawuwo amayi asanadwale nawo.

Ndinapita. A Bonifasi anandilandira mwaulemu, ndipo anachita manyazi kwambiri. Anati iwo ankaganiza kuti akumulemekeza mnzawo, sanaganize za khonde lathu. Anatumiza uthenga kwa Petulo, woyendetsa galimoto uja, kuti asinthe tsiku lomwelo.

M'mawa mwake amayi anatuluka ndi kampando kawo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti masiku onse aja ankachita kuyembekezera. Galimoto inabwera, koma munali mawu a munthu wina, wokuwa, womeza mawu, ndi ng'oma zaphokoso kumbuyo. Amayi anamvetsera mpaka inapita. Kenako analowa m'nyumba, nagona atayang'ana kukhoma. Tsiku limenelo sanadye, ndipo lotsatira lake anangolawa phala. Ankadziwa kuti wachotsetsa mawuwo ndine.

Mudzati, bwanji osangowaikira mawuwo mufoni? Ndinayesa. Petulo anandithandiza, ndipo ndinawaikira foniyo pafupi ndi khutu. Anamvetsera pang'ono n'kuikankha. Anati, “Uyu wa m'kabokosi ndi womangidwa, amalankhula ukamukanikiza. Uja wapamsewu amabwera yekha, amachoka yekha, monga ankachitira.” Ndinangoibweza foniyo m'thumba.

Tsopano ndifike pa tsiku limene munamva lija. Ndinali kuseri ndikuchapa. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, natenga khadi lawo lovotera, ndipo galimoto itadutsa anaitsatira. Sankathamangira mawu ayi. Sankadziwa kumene a Bonifasi amapezeka, ndiye anaganiza kuti ng'ombe ukaitsatira imakufikitsa kukhola. A Hellen ndiwo anandikuwira, ndipo ndinawapeza atafika kale pakhomo la sitolo, anthu atawazungulira, nsapato m'dzanja limodzi, khadi m'dzanja lina.

“Ndinu amene mukufuna umeya?” anafunsa amayi.

“Ndine, amayi. Khalani pampando apa.”

“Ndikhala kwathu. Wokusankhani ndani?”

“Ndinu, amayi, inu nonse.”

“Si makhansala?”

“Ayi, zimenezo zinatha kale.”

“Ndiye bwanji mwachotsa mwana wanga osandifunsa? Mpando simunaupeze, mwayamba kale kumvera za m'chipinda?”

A Bonifasi anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Anati, “Amayi, banja ndi limene linapempha.”

“Banja liti? Amene anam'bereka ndi uyu waima pano, ndipo khadi lake ndi ili.”

A Bonifasi anavula chipewa, nati mawuwo abwerera mawa lomwe. Wakabaza wina amene anaima pambali anakuwa kuti, “Ndiye voti yanu yapita kwa abwanawa, agogo?” Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatayala a njinga yake, nati, “Iwe, pagalimoto paja mwana wanga amati chiyani? Amati voti ndi chinsinsi. Kapena makutu unasiya kunyumba?” Msika wonse unaseka, a Bonifasi omwe. Iwo anafuna kuti Petulo aziima pang'ono pakhomo pathu, koma amayi anakana. Anati, “Asaime. Adutse monga amadutsira.”

Choncho, alongo anga, zimene munalamula ndinachita, koma zabwezedwa ndi mwini wake, ndipo ine sindinapitenso. Sindikunena kuti a Hellen ndi amalume akulakwa. Pali masiku ena mawuwo akamachokera kuphiri kuja, mphepo ya Julayi ikuwadula n'kuwabweretsanso, ndimakabisala kuseri kwa chitseko. Kunja kuli dzuwa, ana akusewera pabwalo, ndipo munthu amene ndinaona bokosi lake likutsitsidwira m'manda akundiuza kuti ndilawirire kukavota. Sindinazolowere, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzazolowera.

Koma pali chinthu chimene sindinakuuzeni pafoni. Alfonsi anali ndi chizolowezi chake kutchalitchi: akapereka moni, ankadikira anthu ayankhe. Pojambula anachitanso chimodzimodzi. Petulo akuti ojambulawo anafuna kudula kachetechete kameneko kuti n'kutaya nthawi, koma iye anakana, nati moni sapereka munthu akuthawa. Ndiye uthengawo umayamba chonchi: “Muli bwanji, anthu a kwathu?” Kenako zii, kumangomveka injini. Pakapita kanthawi, amati, “Inenso ndili bwino, zikomo.”

Amayi amayankha m'kampata kameneko. Samukweza mawu. Amangoti, “Tili bwino, Alfonsi, kaya iwe,” ndipo nthawi zina amawonjezera kankhani kamodzi, kuti mbuzi yabereka kumudzi, kapena kuti mwendo wasiya kupweteka. Kenako iye amawayankha. Masiku onse aja Alfonsi ali kuchipatala, amayi ankakhala kunja kwa mpanda kuyambira m'mawa, kufunsa aliyense wovala zoyera, ndipo palibe amene anawabweretsera mawu ochokera pakamwa pake. Iwo akudziwa kuti ndi makina. Anandiuza okha kuti, “Usandiyang'ane choncho, Yosefina, ndikudziwa kumene ali.” Koma akamva yankho lija amatenga kampando kawo, kulowa m'nyumba, n'kudya.

Chimene chinkandiopsa ine ndi mapeto ake. Kampeni imatsekedwa madzulo a tsiku loti mawa lake tikavote, ndipo masipika onse amatsitsidwa. Apambane a Bonifasi, apambane wina, galimoto ija sidzadutsanso. Ndinkaopa kuti amayi adzabwerera kukhoma kuja, ndipo ulendo uno sadzatembenukanso. Lachinayi ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Anati akudziwa, akhala akuziganizira. Anati, “Tsiku lomaliza limenelo ndikufuna ana anga onse pakhonde pano. Akapereka moni, tidzamuyankha tonse pamodzi. Akadutsa, tidzalira monga anthu alirira, tidzaimba, tidzagona pamphasa. Ndiwo maliro ake amene anatilanda matenda. Kukacha tikavota, n'kupita ku Chiparamba kukamuuza kuti agone.”

Amalume atamva anang'ung'udza, koma anavomera. Anati bola pali tsiku lomutsanzika, mwambo sunathyoke, wangochedwa. A Hellen ayamba kale kuuza amayi a kumphakati. A Ezekiel akuti abwera ndi nkhuni, ngakhale akuumirirabe kuti zonsezi sizikanachitika makhansala akanasiyiridwa ntchito yawo. Mwina akunena zoona. Koma sindikudziwanso kuti amayi akanamulirira kuti mwana wawo.

Watsala ndinu. Amayi sadzakupemphani okha, mukuwadziwa. Koma akamawerenga amene adzakhale pakhonde amayamba ndi dzina lanu, ndipo anati popanda mwana wamkulu sadzamutsanzika. Ndikudziwa kuti munalembetsera kuvota kumeneko, ndipo mukabwera voti yanu itayika. Alfonsi akanakukalipirani chifukwa cha zimenezo, koma ndikhulupirira akanakukhululukirani.

Sindikukupemphani kuti mugwirizane nane. Zimene ndalembazi n'zovuta kuzikhulupirira uli kutali, ndipo inenso ndikanazimva kwa wina ndikanati achotse. Ndikungopempha kuti mubwere kukadali masiku, mudzakhale nafe pakhonde m'mawa umodzi, musananene chilichonse. Mukadzamva moni uja, yesani kuyankha, ngakhale chamumtima. Ine ndinkangoima kuseri kwa chitseko masiku onsewa, ndikudziuza kuti ndikuyang'anira amayi. Dzulo ndinayankha. Ndinati, “Tili bwino, mlongo wanga,” ndipo iye anati nayenso ali bwino, ndipo ndinalira koyamba chichokereni kumanda. Mukadzayesa n'kuona kuti n'zosayenera, tidzapita limodzi kwa a Bonifasi, ndipo amayi mudzawauze nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Millicent ndi ana onse. A Hellen akupereka moni, amalume nawonso. Amayi akuti mubwere ndi juzi, kuno kukuzizira m'mawa. Akutinso musadandaule za pokhala, mpando umene Alfonsi ankakhalapo sunagawidwe, anaubisa kuchipinda kwawo, ndipo akuusungira inu.

Ine mlongo wanu,
Yosefina