Dzanja Lamanzere Layamba Sukulu

Lolemba, 3 Malichi

Adokotala akuti ndizilemba. Chilichonse, bola tsiku lililonse. "Lamanja lagona, mayi, koma lamanzereli lili maso." Ndiye ndi izi. Zilembo ngati mopalasa nkhuku. Mzere umodzi, thukuta kamukamu. Ine telala wodula masuti, lero dzina langa lomwe kundivuta. Sitiroko ilibe ulemu.

Lachinayi, 6 Malichi

Achimwene anabwera ndi munthu wodzaona makina anga osokera. Akuti agulitsidwe Epulo akamatha, mankhwala sagulidwa ndi misozi. Sakunama. Koma munthuyo atangoponda chopondera, mtima unandiwawa koopsa. Sindinayankhe, pakamwa pakadali popotoka. Ndiyankhira pano: AYI.

Lamulungu, 16 Malichi

Pepala limathawathawa ndikamalemba. Mwana wanga wapeza nzeru. Amanyamula dzanja langa lakufali n'kulisanjika papepala. "Amama, nalonso lizigwirako ntchito, lisamangodya zaulere." Ndinaseka mpaka dovu. Kuseka koyamba chidwalireni.

Chodabwitsa china. Nkhawa ikakhala m'mutu ndi chiphiri. Ikatera papepala, timizere tochepa basi. Ndimaiyang'ana n'kumati, kodi wondilanda tulo uja ndiwe?

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndinagwa kubafa. Masiku onsewa cholembera sindinachifune n'komwe.

Lero ndabwerera. Zilembo zayamba kuima. Ndiye ndinatenga choko, n'kuyala nyuzipepala yakale patebulo lodulira, kungoyesa. Mkono wa malaya. Mzere wokhota wa paphewa uja, umene ophunzira anga ankalira nawo, unatuluka wokha, wosalala! Ndinachita mantha. Dzanjali analiphunzitsa ndani? Moyo wanga wonse ntchito yake inali kugwirira nsalu, lamanja likutamandidwa. Kani linkaonera, lili phee. Mulungu amabisa zinthu m'thupi mwathu momwemu ife osadziwa.

Loweruka, 26 Epulo

Ine kulemba ndi choko, mwana kudula, phazi lamanzere kupalasa. Malaya a sukulu a mwana wa aneba atha. Kolala yapendama pang'ono. Achimwene anawatembenuza kunja ndi m'kati, kufufuza msoko ngati munthu wodziwa, chonsecho batani lomwe satha kusokerera. Anangoti, "Mlongo, malaya amodzi si umboni. Wogula akubwera Lachitatu." Koma maso anali ofiira.

Lachitatu, 30 Epulo

Makina ndawapukuta, ndathira mafuta. Akapita apite oyera. Mwana ali kuseri, akuchapa. Zenera lotsegula, kamphepo kakutukula pepala, ndipo

Dikirani.

Pepala laima. Chala cha mkombaphala cha kumanja chalipanikiza. Chokha. Dzanjali linali pambali, palibe walisanjika. Ndikuchiyang'ana, chikunjenjemera ngati kamwana koyamba kuima. Ndachiuza kuti dzuka. Chadzuka! Tsika. Chatsika. Misozi ikudonthera pa inki, ndilibe nazo ntchito.

Mawu a achimwene panja, ndi wogula uja. Akugogoda. Agogode kaye. Ndikusamutsira cholembera kumanja, ndione ngati