Njinga Yanga Yalowa M'mayeso

Lachinayi, mwezi wa Meyi.

Ndachonga mayeso oyeserera a Chingerezi a Fomu 4. Ophunzirawo ndinawapatsa ndakatulo yachilendo ya mayi wolira mwana wake kuti afotokoze maganizo a mlembi. Ana khumi alemba za njinga yophulika tayala pa Golomoti! Njinga yangatu imeneyo. Ndinangoitchula mu Januwale ngati chitsanzo cha kukhumudwa, iwo n'kuloweza.

Ndamufunsa Tiyamike, mtsikana amene ndimamudalira m'kalasimo. Akuti, "Aphunzitsi, ndakatuloyo sitinaimve, koma za njingazo munanena ndinu, ndiye sizingakhale zolakwa."

Kwatsala milungu isanu kuti anawa alembe mayeso enieni. Mawa ndiyambira pati? Ndikawauza kuti asiye kuloweza, nazonso akopera m'kope n'kuloweza...